Chibwenzi chikatha, ubwenzi usasanduke mpikisano

Pali mawu amene ambiri a ife pa kampasi tinawamvapo, kapena tinawanenapo, tsiku lothetsa chibwenzi: "Koma tisadane, tizichezabe." Mawuwa amamveka aulemu, moti amene wawakana amaoneka wachibwana kapena wosunga mangawa. Ine ndikufuna ndiwatsutse. Ubwenzi umene umayamba m'mawa mwake chibwenzi chitangotha, nthawi zambiri umakhala mpikisano wofuna kuona kuti wachira msanga ndani, ndipo zikumuyendera ndani. Mpikisano umenewu umapweteka nthawi yaitali kuposa kusiyidwa kwenikweniko, ndipo muno mu Lilongwe unapeza bwalo lake lokonzedwa kale.

Chichewa chathu chimatipusitsa pang'ono pankhaniyi. Amene mumangocheza naye ndi bwenzi, amene mumakondana naye ndi bwenzinso. Chibwenzi ndi ubwenzi zimasiyana poyambira pokha, ndiye timaganiza kuti kuchoka pa china kupita pa chinzake kuli ngati kufufuta "chi" n'kulembapo "u". Komatu munthu amene dzulo ankadziwa pini ya foni yanu, tsiku limene ndalama ya upkeep imalowa, ndi matenda amene akuvutitsa mayi anu, sangasanduke mnzanu wamba Lolemba m'mawa chifukwa choti mwagwirizana choncho Lamlungu madzulo.

Ndiponso awiriwo akamati "tizichezabe" sakhala akunena chinthu chimodzi. Wosiyayo akufuna apepukidwe mumtima kuti sanachite nkhanza, mwinanso akufuna asiye chitseko chotsegula pang'ono, kuti kumene akupitako zikakavuta adzakhale ndi pobwerera. Wosiyidwayo amavomera chifukwa akudziuza kuti madzi saiwala khwawa, akakhala pafupi mwina zidzabwerera. Wina akusunga malo, wina akudikira pakhomo, ndipo onse akutchula zimenezo kuti ubwenzi.

Kupwetekako musakuone mopepuka. M'chaka cha 2011 Ethan Kross ndi anzake, ku America, anatenga anthu 40 amene anali atasiyidwa ndi okondedwa awo m'miyezi 6 yapitayo. Anawalowetsa m'makina ounikira ubongo n'kuwaonetsa chithunzi cha amene anawasiyayo, ndipo pena anawagunditsa chinthu chotentha pamkono. Mbali zina za ubongo zimene zinagwira ntchito pomva kutenthako zinagwiranso ntchito poona chithunzi chija. Ngati chithunzi chimodzi chikuchita zimenezo, nanga munthu amene wavomera kuti aziona status ya mnzakeyo m'mawa, masana ndi usiku? Kafukufuku wa Tara Marshall wa mu 2012, pa anthu 464, anapeza kuti amene ankasuzumirasuzumira tsamba la Facebook la wokondedwa wawo wakale ndi amenenso ankavutika mtima kwambiri ndi kuchedwa kupitiriza moyo wawo. Apo n'kuti status ya WhatsApp imene tikuidziwa lero isanabwere. Inabwera mu 2017, imakhala maola 24, ndipo imakuonetsani mayina a amene aiona. Kwa anthu awiri amene angosiyana kumene, ndiye kuti mumadziwa kuti waona, iyenso amadziwa kuti mukudziwa, ndipo chilichonse chimene mwaika chimasanduka kalata yopita kwa munthu mmodzi.

Makolo athu ankadziwa kuti anthu awiri amene anali pamodzi sangasiyane okha bwinobwino. Banja likagwedezeka pamakhala ankhoswe. Amakhala pansi mbali zonse ziwiri, amamva madandaulo, ndipo zikakanika amakambirana za ana ndi za katundu, anthuwo n'kusudzulana pamaso pa mboni. Ngakhale mwamuna kapena mkazi akamwalira, wotsalayo amakhala ndi nyengo yolira yodziwika kwa aliyense, ndipo pamapeto pake achibale amamusudzula kuti akhale womasuka. Chibwenzi chathu cha pa kampasi chilibe zonsezi. Chimatha ndi uthenga wa pafoni pakati pa usiku, kapena pa benchi kuseri kwa laibulale, popanda womva. Palibe amene amabwera kudzakupepesani, palibenso amene amadzakuuzani kuti nthawi yolira yatha. Kunyumba ambiri sitinanene n'komwe kuti tinali pachibwenzi, ndiye tikalira kuti tikulira chiyani? Pamene palibe mwambo wotsekera nkhani timadzipangira wathu, ndipo umene timaupeza pafupi ndi woti anthu oonerera aweruze kuti waluza ndani.

Apa ndi pamene Lilongwe amalowererapo. Likulu lathuli linajambulidwa pa pepala lisanamangidwe. Boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ntchito inayamba ndi thandizo la ngongole yochokera ku South Africa, ndipo mu 1975 likulu linasamuka ku Zomba. Mapulaniwo anasiyanitsa anthu malinga ndi kapezedwe kawo: maofesi ku Capital Hill ndi ku City Centre, nyumba za mabwalo aakulu pafupi pomwepo ku Area 10, 11, 12 ndi 43, pomwe anthu wamba ali kufupi ndi Old Town, ku Kawale ndi ku Biwi, kapena kutali uko ku 25. Pakati pa Old Town ndi City Centre anasiyapo nkhalango. Chifukwa cha ichi, mu Lilongwe nambala imalankhula. Munthu akangoti "ndili ku 43" wanena zambiri zoposa kumene waima. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda muno, koma malo amene ife ophunzira timafuna kuonekerako ndi owerengeka: Gateway Mall, Crossroads, malo odyera a kumayadi, zochitika za ku BICC. Ndiye anthu awiri osiyana chibwenzi amakumana m'malo omwewo, ndipo akapanda kukumana iwo zimakumana zithunzi zawo.

Zigoli za mpikisanowu zimawerengedwa ndi mapu a mzinda. Amene wajambulitsa pa khonde la lesitilanti ku Area 10 wachinya. Amene wapeza attachment ku City Centre, n'kuika chithunzi ID ili m'khosi, wachinyanso. Amene watsitsidwa m'galimoto pageti la hositelo anthu akuona ndiye watenga chikho cha sabata imeneyo. Palibe amene amaika status ali pa depoti ku Old Town kudikira minibasi idzaze, kapena akuwoloka kamlatho kamitengo pa msika wa Tsoka, kumene jekete ya m'chithunzi ija anaisankha pa kaunjika. Tonse tikudziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma ikakwana 11 koloko usiku, foni ili m'manja, mwambiwo timauiwala.

Izi sindikulemba zongomva. Chibwenzi changa chinatha ndili chaka chachiwiri, titayenda limodzi pafupifupi zaka 2, ndipo anathetsa ndi iyeyo. Anapempha kuti tizichezabe. Lachisanu lililonse uthenga unkabwera: "Uli bwanji iwe? Ndimangofuna ndimve ngati uli bwino." Ndisanamalize kuyankha, nkhani inkakhala itatembenukira kale kwa iye: wapeza attachment, abwana ake amamutenga ku nkhomaliro, Loweruka ali ndi phwando ku 47. Nditamuuza kuti ndakhoza bwino mayeso a pakati pa semesita, anati, "Eya, koma kosi imeneyo ndi yosavuta." Funso lija la "uli bwanji" linali sikelo. Ankafuna adziwe ngati ndagwa, ndipo ngati sindinagwe andikumbutse amene ali pamwamba. Sindikuti ndi munthu woipa. Ndikhulupirira kuti naye zinkamuwawa mwa njira yake, ndipo kuona kuti ine ndikadali pansi kunkamutsimikizira kuti anasankha bwino. Mwezi usanathe ndinamulembera kuti, "Ndilibe nawe chifukwa. Tikakumana m'kalasi tizipatsana moni, koma zocheza pafoni ndaziimika kaye." Anandiyankha kuti ndine wachibwana. Azakhali anga amene ndimakhala nawo ku Kawale, nditawafotokozera, anangoti, "Mwanawe, bala silipola ukamalivundukula tsiku ndi tsiku kuti wokubayayo aone pamene lafika."

Mpikisanowu suthera pa anthu awiriwo. Chibwenzi chikatha, gulu limene munkayenda nalo limagawanika, ndipo sipalephera kupezeka wina amene kusiyidwa kwanu kwamupatsa mpata. Ndi uja amabwera ndi nkhani: "Aise, ndamuona ku Bwandilo ali ndi winawake, koma usadandaule." Ndi uja amene inu misozi ili m'maso amayamba kusimba za mphatso imene wake wamugulira. Nthawi zina ndi uja amene pakatha miyezi iwiri mumamva kuti ndiye walowa m'malo mwanu. Katswiri wa za maganizo a anthu, Abraham Tesser, anafotokoza m'zaka za m'ma 1980 chifukwa chake zoterezi zimaluma chonchi: kupambana kwa munthu wakutali sikutikhudza kwenikweni, koma kupambana kwa munthu wapafupi, pa chinthu chimene ifenso timadziyezera, kumatichepetsa. Mlendo akachititsa ukwati ku BICC mumangoti zabwino zonse. Mnzanu wa chipinda chimodzi akavekedwa mphete mwezi umene inu mwasiyidwa, mumaseka naye m'mimba mukutentha. Kumva choncho si ufiti, aliyense zimamuchitikira. Chofunika n'kusiyanitsa mnzanu amene zangomuyendera ndi mnzanu amene waponda pa chisoni chanu kuti atalike. Woyambayo mukamuuza kuti "nkhani za uja usamandibweretsere" amasiya. Wachiwiriyo amabwera nazo mawa lake atathiramo mchere.

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za ana asukulu, zimatha zokha. Koma mpikisanowu umalipiridwa ndi zinthu zenizeni, ndipo choyamba ndi ndalama. Ambiri a ife tikuphunzira pa ngongole ya boma, imene tidzabweze tikadzayamba ntchito. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, upkeep imavuta kufikitsa kumapeto kwa semesita ngakhale kwa munthu wodya soya pieces tsiku lililonse. Koma ndinaona mnzanga akutenga katapila kuti akadye usiku umodzi kumayadi, chifukwa wake wakale anali ataika chithunzi ali komweko sabata yapitayo. Chithunzi cha mnzangayo chinakhala maola 24. Ngongoleyo inamutsata semesita yonse, mpaka anagulitsa laputopu imene ankalembera pulojekiti yake.

Chachiwiri ndi sukulu imene tinabwerera. Maola amene timathera kuwerenga mayina a amene aona status, ndi kumasulira chimene uja akutanthauza ndi nyimbo imene waika, amachoka pa maola owerenga. Pepala la mayeso silifunsa ngati mwasiyidwa. Amene anazunguliridwa mutu mu Epulo amakumana ndi sapu, ndipo ena amabwereza chaka chathunthu ndi fizi yake yomwe.

Chachitatu, mpikisano ukafika poipa umalowa m'milandu. Amene akuona kuti waluza amafuna kubwezera, ndipo chida chimene ali nacho m'manja ndi zinsinsi: ma screenshot, mavoisi, zithunzi za kuchipinda zimene zinatumizidwa chikondi chili pachimake. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu kudzera pa intaneti, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kupita kundende. Koma ngakhale wolakwayo alangidwe, chithunzi chikalowa m'magulu a WhatsApp sichibwerera, ndipo kawirikawiri wotsala ndi manyazi amakhala mtsikana.

Chachinayi ndi moyo weniweniwo. Apolisi akamalengeza chiwerengero cha anthu odzipha m'dziko muno, ambiri amakhala amuna, ndipo pa zifukwa zimene amatchula sipalephera mavuto a m'banja ndi m'chibwenzi, komanso ngongole. Mnyamata akasiyidwa timamuuza kuti mwamuna salira, akazi ndi ambiri. Timamukokera ku Bwandilo kuti akaiwale, n'kumulimbikitsa apeze wina msanga kuti uja aone. Tikatero timakhala tamukankhira m'bwalo la mpikisano pa nthawi imene ankafunika munthu woti angomumvera.

Ndikudziwa zimene ena anganditsutse nazo. Oyamba amati mpikisano umalimbikitsa: kusiyidwa kunawachititsa kuwerenga mpaka anapeza distinction, kapena kuyamba bizinesi. N'zoona, mkwiyo uli ngati mapesi, umayaka msanga ndipo ukhoza kuwiritsa madzi. Koma munthu amene akulimbikira kuti wina aone amakhala wapereka chiwongolero kwa yemwe anamusiyayo. Tsiku limene uja sanatsegule status, chipambanocho chimasukuluka. Komanso amene akuthamangira kuoneka kuti wachira amagwira munthu wachitatu, wosalakwa, n'kumusandutsa chikwangwani. Munthu ameneyo naye ali ndi mtima, ndipo posachedwa amazindikira ntchito imene analembedwa.

Achiwiri amati kukana ubwenzi ndi kusakhululuka, makamaka ngati mumapemphera limodzi kapena muli kwaya imodzi. Ine ndimaona kuti kukhululuka ndi kusiya kumufunira munthu zoipa, ndipo zimenezo zimatheka popanda kumupatsa lipoti la moyo wanu Lachisanu lililonse. Moni ndi ngongole imene tili nayo kwa aliyense. Mukaikidwa pa group work imodzi, gwirani ntchito mwaulemu, malikisi ndi a nonse. Koma ubwenzi umachita kusankhidwa, ndipo uli ndi muyezo wake. Kum'mwera kuli mwambo wa chinjira, ubwenzi wa amayi awiri osakhala pachibale umene mabanja onse amaudziwa. Anjira amaonekera pa matenda, pa maliro, ndi pamene ufa watha m'nyumba. Ine ndimadzifunsa chimodzimodzi: kodi munthuyu angabwere ku Kamuzu Central ndi fulasiki ya phala, n'kukhala nane pa benchi osajambula? Ngati yankho ndi ayi, chimene tikusungacho tichipezere dzina lina.

Achitatu amati ena anakhaladi mabwenzi enieni atasiyana. Nawonso akunena zoona, ndawaona otero. Koma onse amene ndikuwadziwa anadutsa kaye nyengo ya zii, ena miyezi, ena zaka, ndipo ubwenziwo unadzabwera wokha aliyense atapeza poima. Sunachite kuperekedwa tsiku losiyana ngati chipukutamisozi.

Tsono amene chibwenzi chake chatha sabata ino atani? Nazi zimene ndinaona zikuthandiza. WhatsApp ili ndi njira yobisa status za munthu popanda kumubuloka, komanso yosankha amene aziona zanu. Chitani zonse ziwiri, chifukwa mpikisano wopanda woonerera umafa wokha. Bwezeranani katundu kamodzi, masana, pamalo a anthu ambiri. Tchaja, juzi, mabuku ndi ndalama zobwerekana zikatsalira zimasanduka chifukwa choimbirana usiku. Sankhani munthu mmodzi kapena awiri akhale ngati ankhoswe anu, kaya azakhali, kaya mkulu wanu, kaya mnzanu amene sanyamula nkhani, ndipo muwauze zoona zake, ngakhale zoti mukumusowabe. Musagule chinthu, musabwereke ndalama, musalole kapena kufunsira munthu pofuna kuyankha chithunzi. Ndipo ngati papita milungu tulo osabwera, chakudya osalowa, m'kalasi osapita, kapena maganizo ofuna kudzivulaza ayamba kubwera, musadikire. Funsani za alangizi ku ofesi ya Dean of Students, kapena pitani kuchipatala. Ku Area 43 komweko, kumene timakajambulitsa, kuli a St John of God, amene ntchito yawo ndi yothandiza anthu pa mavuto ndi matenda a m'maganizo.

Ifenso anzake a wosiyidwayo tili ndi gawo lathu. Zimene taona ku Bwandilo tisiye ku Bwandilo. Funso loti "wapeza wina?" tilisunge. Timutenge tikadye tchipisi pa chiwaya ku Old Town, tikhale naye mu laibulale mpaka atseke, timukumbutse tsiku lopereka asainimenti. Akayamba kulira tisathamangire kumuuza kuti ujayo anali wosayenera kale, chifukwa iye anamukonda, ndipo kumunyozera munthu amene anamukonda n'kumunyoza iye yemwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ambiri digiri yathu ndi ya zaka 4, ndipo kuti tizipeze zaka zimenezi makolo ena anagulitsa mbuzi, ena fodya wa chaka chonse. Munthu amene anakusiyani watenga kale gawo lake la zakazo, limene munamupatsa mokondwa. Zotsalazo ndi zanu. Tsiku lina mudzamva kuti wapeza ntchito ku Capital Hill, kapena akumanga ku 43, ndipo mudzazimva ngati nkhani ya mnzanu wa ku pulayimale: mudzati zikomo kwa Mulungu, n'kupitiriza zimene mumachita. Tsiku limenelo, ngati nonse mukufuna, ubwenzi ukhoza kuyamba. Lisanafike, moni ndi wokwanira.